Chitetezo cha m'thupi chikaukira chiwindi: mmene mungadziwire kutsogolo kwanu

Munthu akauzidwa kuti chitetezo cha m'thupi mwake chikuwononga chiwindi chake chomwe, amabwerera kunyumba ndi funso limodzi: ndatsala ndi zaka zingati? Dzina la matenda palokha siliyankha funsoli. Anthu awiri akhoza kupezeka ndi matenda amodzimodzi tsiku limodzi ku Tete, wina n'kudzalera zidzukulu, mnzakeyo osafika zaka 5. Chimawasiyanitsa ndi zipsera zimene chiwindi chinali nazo kale pa tsiku limene matenda anadziwika, mmene magazi asinthira m'chaka choyamba cha mankhwala, ndiponso ngati mankhwalawo akumwedwa mosadukiza. Zonsezi zimawerengeka pa mapepala a kuchipatala amene mumasunga m'jumbo aja. Atulutseni, tiwerengere limodzi.

Choyamba, tsimikizani kuti si matenda ena

Kuno kwathu chiwindi chili ndi adani ambiri, ndipo chitetezo cha m'thupi ndi mdani wosowa pakati pawo. Ochuluka ndi kachilombo ka hepatite B, likodzo la m'matumbo kwa anthu osamba ndi kuwedza mu Zambezi ndi pa Cahora Bassa, kachasu, mankhwala a TB, ena a TARV, ndi zitsamba zomwera m'botolo losalembedwa. Choncho munthu wa maso achikasu asanalembedwe kuti ali ndi matenda a chitetezo, pa mapepala ake payenera kuoneka zotsatira za AgHBs (chopima hepatite B), hepatite C, HIV, chimbudzi chopimidwa mazira a likodzo, ndi ecografia ya m'mimba. Adokotala akakufunsani zimene mwakhala mukumwa miyezi 6 yapitayi, nenani zonse, za kwa asing'anga zomwe. Sakufuna kukudzudzulani. Mankhwala ena amatupitsa chiwindi mofanana ndendende ndi matenda a chitetezo, ndipo kuchira kwake n'kungowasiya.

Sitepe imeneyi musailumphe ngakhale mwatopa ndi mizere. Mankhwala aakulu a matendawa ndi ofooketsa chitetezo. Akapatsidwa munthu amene ali ndi hepatite B popanda tenofovir womutchinjiriza, kachilombo kamaswana mopanda choletsa ndipo chiwindi chikhoza kugwa m'masabata ochepa. TB yogona nayonso imadzuka. Ndiye chifuwa chijambulidwe, ndipo ngati mwakhala mukutsokomola, makhololo apimidwe mankhwala asanayambe.

Zopima zotsimikiza matenda a chitetezo zimalembedwa ANA, ASMA, AMA ndi IgG. Kawirikawiri zimenezi sizipimidwa pa chipatala chaching'ono. Pamafunika guia yopita kuchipatala chachikulu cha chigawo ku Tete, ndipo nthawi zina magazi amapita ku laboratale ya kutali kapena yolipira. Pamene IgG palibe, pali njira yoyerekezera: tengani nambala ya proteínas totais muchotsepo ya albumina. Yotsalayo ikapitirira 40 g/L, chitetezo chatakasika. Koma kumbukirani kuti HIV, likodzo ndi malungo obwerezabwereza zimakwezanso nambalayi, motero payokha si umboni. Umboni weniweni wa hepatite autoimune, amodzi mwa matenda a chitetezowa, ndi kachidutswa ka chiwindi kotengedwa ndi singano n'kupimidwa, ngati mwayi wake ulipo.

Chachiwiri, dziwani kuti mwa atatuwa anu ndi ati

Pa pepala padzalembedwa limodzi mwa mayina atatu, ndipo kutsogolo kwake n'kosiyana kwambiri.

Hepatite autoimune imaukira nyama ya chiwindi yeniyeniyo. Imagwira msinkhu uliwonse, ana ndi okalamba omwe, ndipo mwa odwala 4 aliwonse pafupifupi 3 ndi akazi. Popanda mankhwala ndi yoopsa kwambiri pa atatuwa: kafukufuku wakale anapeza kuti mwa odwalitsitsa 10 osalandira chithandizo, pafupifupi 4 ankamwalira m'miyezi 6. Koma ndi yomweyonso imene imamva mankhwala bwino. Chiyambire 1971 ndi 1972, pamene madokotala a ku London ndi a ku Mayo Clinic ku America anaonetsa kuti mankhwala a mtundu wa prednisolona amapulumutsa, nkhani inasintha. Lero mwa odwala 10 amene akumwa mankhwala, pafupifupi 9 amakhala ali moyo patapita zaka 10, ndipo amene anapezeka chiwindi chisanaume n'kumva mankhwala msanga amakhala zaka zoyandikira za anzawo osadwala. Vuto ndi lakuti munthu mmodzi mwa 3 amafika kuchipatala chiwindi chitauma kale, chifukwa matendawa amatha kuyenda zaka mwakachetechete.

Colangite biliar primária imawononga timitsempha ting'onoting'ono ta ndulu mkati mwa chiwindi. Mwa odwala 10, 9 ndi amayi, ambiri a zaka 40 mpaka 60. Imayamba ndi kutopa kosadziwika bwino ndi kuyabwa thupi lonse, makamaka usiku, m'manja ndi kumapazi, popanda zidzolo. Mapepala akale, asanafike 2015, ankailemba kuti cirrose biliar primária. Mukaona choncho musaganize kuti chiwindi chauma kale, ambiri amakhala asanafike pamenepo. Imayenda pang'onopang'ono. Odwala 6 kapena 7 mwa 10 amamva mankhwala ake, ndipo amenewo, akayamba msanga, zaka zawo sizisiyana kwenikweni ndi za anthu ena.

Colangite esclerosante primária ndi yovutitsitsa. Imapanikiza mitsempha ikuluikulu ya ndulu, imakonda amuna a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo ambiri amakhalanso ndi zilonda za m'matumbo zotsegula m'mimba mwa magazi. Mpaka pano palibe mankhwala otsimikizika oimitsa matendawa. Kafukufuku wa ku Ulaya amaonetsa kuti theka la odwala amatha zaka zoyambira 12 mpaka 21 asanafune chiwindi china kapena kumwalira, malinga ndi gulu limene linawerengedwa. Kwa munthu wa HIV chitetezo chikatsikitsitsa, mitsempha ya ndulu imatha kuoneka chimodzimodzi pa chithunzi, koma amenewo ndi matenda ena ndipo mankhwala ake ndi TARV.

Manambala onsewa anawerengedwa m'mayiko amene mankhwala sasowa pa shelefu. Adzakhala anu ngati nanunso simudukiza.

Chachitatu, werengani zipsera

Apa ndi pamene pagona yankho lalikulu. Chiwindi chikatupa zaka zambiri chimachita zipsera, zipserazo zikachuluka chimauma, ndipo pa pepala amalemba cirrose. Koma kuuma kuli pawiri. Pali chiwindi chouma chimene chikugwirabe ntchito yake: munthu alibe chikasu, mimba sinadzaze madzi, sanasanzepo magazi, mutu uli bwino. Theka la anthu otere amapitirira zaka 12, ndipo ngati choyambitsa chazimitsidwa amapitirira kwambiri. Ndiye pali chiwindi chouma chimene chayamba kulephera, pamene chimodzi mwa zinayi zija chaoneka. Zikafika apo, popanda kusintha kwina, theka la odwala sapitirira zaka 2. Kusiyana kwa 12 ndi 2 kumeneku ndiye chifukwa cha zonse zimene zalembedwa m'munsimu.

Pa mapepala anu funani manambala anayi. Bilirrubina total yabwino imakhala pansi pa 21 µmol/L, kapena 1,2 mg/dL ngati makina awo amawerenga motero. Albumina ikhale 35 g/L kapena kuposa. INR, imene imaonetsa mmene magazi amaundanira, ikhale pafupi ndi 1. Plaquetas, pa pepala la hemograma, zikhale 150 kupita mtsogolo. Bilirrubina ndi INR zikamakwera, albumina ndi plaquetas zikamatsika, chiwindi chikutaya mphamvu. Onani kuti ALT ndi AST, zimene mapepala ena amalemba TGP ndi TGO, sitinaziike pa mndandandawu. Zimenezo zimanena za moto umene ukuyaka lero, osati za nyumba imene yapsa kale. Munthu akhoza kukhala ndi ALT ya 1000 n'kuchira bwinobwino, wina ya 45 chiwindi chili choumiratu.

Madokotala amaphatikiza bilirrubina, albumina, INR, madzi a m'mimba ndi kusokonekera kwa mutu n'kupeza gulu lotchedwa Child-Pugh. Gulu A pafupifupi onse amadutsa chaka, gulu B ndi 8 mwa 10, gulu C ndi osakwana theka. Funsani kuti: "Adokotala, kodi ine ndili A, B kapena C?" Ndi funso lalifupi limene limakuuzani zambiri kuposa kufunsa zaka. Gululi limasinthanso. Munthu wa hepatite autoimune amene wafika ali B chifukwa cha kutupa koopsa amatha kubwerera ku A patapita miyezi ingapo ya mankhwala, ndipo zipsera zina zimachepa ndithu.

Kumene kulibe makina oyezera kuuma kwa chiwindi, pali samu yotchedwa APRI. Gawani AST yanu ndi malire apamwamba olembedwa pambali pake, yankholo muligawe ndi plaquetas, kenako muchulukitse ndi 100. Mwachitsanzo AST 60, malire 40, plaquetas 100: 60 kugawa ndi 40 ndi 1,5, ndipo APRI ndi 1,5. Pansi pa 0,5 n'zolimbikitsa. Kupitirira 1 n'kofuna kufufuza kuuma. Samuyi inapangidwira hepatite C ndipo imagwiritsidwanso ntchito pa hepatite B, ndiye pa matenda athuwa ndi yongoyerekezera, ndipo imanama ikawerengedwa AST ili m'mwamba chifukwa cha kutupa. Imanamanso kwa munthu wa malungo, kapena amene kapamba wake anakula ndi likodzo, pakuti zonsezi zimatsitsa plaquetas chiwindi chili ndi mphamvu zake. Uzani wojambula ecografia ngati munakulira m'mbali mwa mtsinje. Zipsera za likodzo zimaoneka mosiyana, ndipo kutsogolo kwake n'kwabwinopo.

Chachinayi, chaka choyamba cha mankhwala

Pa hepatite autoimune amayamba ndi prednisolona, kawirikawiri 0,5 mpaka 1 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa munthu wa makilogalamu 60 ndiye 30 mpaka 60 mg patsiku. Imwani yonse kamodzi m'mawa mutadya phala. Ikamwedwa madzulo imathawitsa tulo. Mlingowu adokotala amautsitsa pang'onopang'ono, motsata magazi, mpaka ufike 5 kapena 10 mg m'miyezi 2 kapena 3. Patapita pafupifupi masabata 2, chikasu chikayamba kuchepa, amawonjezera azatioprina, kuyambira 50 mg n'kukwera mpaka 1 kapena 2 mg pa kilogalamu. Azatioprina imachedwa kugwira, imatenga miyezi 2 kapena 3, koma ndi imene idzasenze katundu zaka zonse kuti prednisolona achepe.

Cholinga chake n'chimodzi, ndipo chili ndi tsiku lake: pofika miyezi 6, ALT, AST ndi IgG zikhale zabwerera mkati mwa malire. Kutsika kokha sikukwanira. ALT imene yachoka pa 800 n'kuima pa 90 ikutanthauza kuti zipsera zikuwonjezekabe, ngakhale munthuyo akumva bwino ndipo wayambanso kupita kudimba. Zikatero funso loyamba ndi lakuti kodi mapiritsi akumwedwa masiku onse, lachiwiri ndi la mlingo, lachitatu ndi losintha mankhwala kupita ku micofenolato.

Zovuta za mankhwalawa zidziweni zisanafike. Prednisolona amatupitsa nkhope, amabweretsa njala yaikulu, amakweza shuga ndi BP, ndipo pakapita nthawi amafewetsa mafupa. Nkhope ikatupa, achibale amayamba kunena kuti mankhwala akukupwetekani, ndipo ambiri amasiyira pamenepa. Kutupako kumachepa mlingo ukatsika. Pimitsani shuga ndi BP pa consulta iliyonse. Koma chachikulu ndi ichi: munthu amene wamwa prednisolona kupitirira masabata 3 sasiya mwadzidzidzi. Thupi limakhala litaleka kupanga lokha mphamvu yofanana ndi mankhwalawo, ndiye akasowa, BP imagwa, munthu amasanza, amafooka, amatha kukomoka n'kumwalira. Mukamasanza tsiku lathunthu osasunga piritsi m'mimba, pitani ku banco de socorros akakubayeni jakisoni wake.

Azatioprina imatha kutsitsa asilikali a m'magazi. N'chifukwa chake hemograma imafunika pafupipafupi, sabata iliyonse kapena masabata 2 aliwonse poyamba, kenako miyezi 3 iliyonse zinthu zikakhazikika. Kutentha thupi, zilonda zakukhosi, kapena m'mimba mopweteka kwambiri mpaka kumsana: imani kumwa, mupite tsiku lomwelo. Mseru wamba umachepa mukamamwa mutadya. Alopurinol, amene amapatsidwa anthu otupa mfundo za zala zakumapazi, asaphatikizidwe ndi azatioprina popanda adokotala kudziwa, chifukwa amaichulukitsa m'magazi kangapo. Cotrimoxazol nayenso amawonjezera kutsika kwa asilikali, ndiye amene ali pa TARV anene. Mukapezeka ndi TB muli kale pa mankhwalawa, mbali zonse ziwiri zidziwane: rifampicina amafooketsa prednisolona, ndipo isoniazida ndi pirazinamida amalemera pa chiwindi.

Pa colangite biliar primária mankhwala ndi ácido ursodesoxicólico, 13 mpaka 15 mg pa kilogalamu patsiku, moyo wonse. Kulakwitsa kofala n'kumwa mlingo wochepa. Mayi wa makilogalamu 60 amafunika 780 mpaka 900 mg, kutanthauza mapiritsi 3 a 300 mg. Chifukwa cha mtengo, ambiri amamwa limodzi patsiku kuti paketi ichedwe kutha, ndipo limodzilo silikwanitsa ntchito imene analigulira. Ziweruzo zimachitika patatha miyezi 12: fosfatase alcalina, nambala ya m'magazi yoonetsa za mitsempha ya ndulu, itsike pansi pa malire ochulukitsidwa ndi 1,5, bilirrubina ikhale yabwinobwino. Ngati malire ndi 120, nambala yanu ikhale pansi pa 180. Zikakanika, adokotala akhoza kuwonjezera bezafibrato 400 mg patsiku, amene kafukufuku wa ku France wa mu 2018 anaonetsa kuti amathandiza ndipo amachepetsanso kuyabwa. Kutopa ndi kuyabwa sizinena kukula kwa matenda. Mayi akhoza kudzikanda mpaka kutuluka magazi chiwindi chili bwino ndithu. Mukapatsidwa colestiramina wa kuyabwa, musiyanitse ndi mankhwala ena maola 4, apo ayi amawamata n'kutuluka nawo.

Pa colangite esclerosante ntchito yaikulu ndi kulondera. Kutentha thupi, kunjenjemera, kupweteka pansi pa nthiti za kumanja ndi chikasu zikabwera pamodzi, ndulu yatsekeka ndipo yalowa tizilombo. Ngakhale kapimidwe ka malungo kanene kuti mulibe, musabwerere kunyumba ndi paracetamol yekha. Pamafunika mankhwala opha tizilombo tsiku lomwelo. Amene ali ndi zilonda za m'matumbo amafunika kuunikidwa matumbo ndi kamera chaka ndi chaka, chifukwa khansa ya m'matumbo imawafika msanga.

Chachisanu, musadukize

Chimene chimadula zaka kwambiri m'maboma athu ndi mankhwala othera panjira. Wa ku Ulongwe kapena ku Domwe amene amaonedwa ku Tete ali ndi ulendo wa makilomita oposa 200, ndipo wa ku Furancungo kapena ku Chifunde amadziwa mmene misewu imakhalira kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ndiye mvula isanayambe, pemphani receita yokwanira miyezi 3, ndipo ndalama za mankhwala muzipatule pa nthawi yogulitsa mbatata, soya kapena fodya, osadikira Febuluwale. Muzikhala ndi mapiritsi a masabata 2 osakhudzidwa, makamaka prednisolona. Mukayamba kudya amenewo, ndiye nthawi yokwera chapa yakwana. Azatioprina ndi ácido ursodesoxicólico sizipezeka pa farmácia iliyonse, choncho funsani zakadalipo, osati paketi itatha. Ku Tete ndi ku Moatize, kumene Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, mapiritsi asakhale pawindo kapena pafupi ndi malata.

Gulani kope limodzi. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku, kulemera kwa thupi, mlingo wa mankhwala, ndi manambala asanu ndi awiri awa: ALT, AST, fosfatase alcalina, bilirrubina, albumina, plaquetas, shuga. Ambiri a m'malire amapimitsa kwina ku Mozambique kwina ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo mapepala ena amakhala m'Chipwitikizi ena m'Chingerezi, miyezo yakenso yosiyana. Lembani nambala pamodzi ndi malire ake. Dokotala watsopano akaona mzere wa manambala a zaka 2 amadziwa kumene matenda akulowera m'mphindi imodzi. Koma wosintha mlingo akhale mmodzi. Madokotala awiri osadziwana, wina akutsitsa wina akukweza, amavulaza.

Funso losiya mankhwala limabwera munthu akangopeza bwino. Pa hepatite autoimune sizikambidwa mpaka magazi atakhala abwinobwino zaka 2 zotsatizana, ndipo ngakhale pamenepo oposa theka matenda amawabwerera, ambiri m'chaka choyamba. Kubwerera kulikonse kumasiya zipsera zatsopano ndipo kumafuna kuyambiranso prednisolona wambiri. Amene chiwindi chinauma kale, maganizo athu ndi akuti asayese n'komwe. Kupemphereredwa n'kwabwino, mapiritsi akupitirira.

Chachisanu ndi chimodzi, tetezani chiwindi chotsalacho

Mowa ayi, wa mtundu uliwonse: kachasu, masese, wa m'botolo. Pa maliro kapena pa chinkhoswe yankho lalifupi limakwana: "Pepani achimwene, adokotala anandiletsa." Zitsamba ndi mankhwala ogulitsidwa pa msika oti amatsuka chiwindi, ayi.

Chuku chimafuna kuchikambapo mofatsa, chifukwa ku Angónia, Tsangano ndi Macanga chimanga ndi mtedza ndiwo moyo. Nkhungu ya pa mbewu zosauma bwino imapanga poizoni wotchedwa aflatoxina, amene saphedwa ndi kuphika kapena kukazinga, ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka pa chiwindi chodwala kale. Mozambique ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ili yochuluka. Yanikani mtedza pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, mpaka uzilira m'chikhokho mukaugwedeza. Musaunyowetse kuti usendeke msanga. Maso ofota, osweka, akuda kapena owawa atayeni. Chizolowezi chogulitsa wabwino n'kusinja wotsalawo kuti ukhale nsinjiro za pakhomo chimaika poizoni yense mu ndiwo za wodwala. Chimanga chofumbwa ndi chowola chisalowe ku chigayo, matumba akhale pa mitengo osagunda khoma. Kukonola ndi kuviika chimanga kumachepetsako poizoniyu.

Wa mutu kapena wa msana amwe paracetamol, osapitirira 2 g patsiku, ndiwo mapiritsi 4 a 500 mg. Ibuprofeno, diclofenac ndi aspirina ndi oopsa kwa wa chiwindi chouma: amatulutsa magazi m'mimba ndi kupha impso. Ngati mulibe hepatite B, funsani za katemera wake. Ana amalandira kuyambira 2001, koma akuluakulu ambiri sanalandire. Katemera wa febre amarela sapatsidwa kwa amene ali pa mankhwala ofooketsa chitetezo. Gonani m'neti, ndipo kutentha thupi kulikonse kupimidwe tsiku lomwelo, chifukwa prednisolona amabisa zizindikiro mpaka matenda atakula. Mafupa amafuna usipa kapena kapenta wodyedwa ndi minga yake, mkaka, masamba obiriwira, kuyenda, ndi mapiritsi a cálcio ndi vitamina D ngati alembedwa. Azatioprina imachititsa khungu kusapirira dzuwa, ndiye chipewa ndi malaya a manja aatali kumunda.

Za mimba: amayi ambiri a matendawa amabereka bwino. Dikirani magazi akhale abwino chaka chathunthu. Prednisolona, azatioprina ndi ácido ursodesoxicólico amapitirizidwa pa mimba. Micofenolato amapundula mwana ndipo ayenera kusinthidwa mimba isanayambe. Nthawi yoopsa ndi miyezi 3 mwana atabadwa, pamene matenda amakonda kudzuka aliyense maso ali pa khanda. Apongozi kapena anakubala amene akusamalira mayiyo adziwe kuti tsiku lopima magazi silisunthidwa.

Chiwindi chikauma

Ecografia miyezi 6 iliyonse, osaphonya, kufuna chotupa chikadali chaching'ono. Magazi akalephera kudutsa m'chiwindi cholimba amafuna njira zina n'kutupitsa mitsempha ya kummero, imene imaphulika popanda chenjezo. Plaquetas zikatsika pansi pa 150 funsani za kuunikidwa kummero ndi kamera, ndi za propranolol kapena carvedilol, mapiritsi otsitsa mphamvu ya magazi m'mitsemphayo. Amenewanso sasiyidwa mwadzidzidzi.

Mimba ikayamba kudzaza madzi, mchere wa tsiku lonse usapitirire 5 g, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza mulu. Wochuluka sukhala wa m'mbale ayi. Uli mu nsomba zouma za chicoa, mu timatumba ta caldo, mu soda wa m'therere ndi m'chigwada. Nsomba zoterozo ziviikeni usiku n'kutaya madzi, kapena dyani zaziwisi. Mankhwala a madzi a m'mimbawo ndi espironolactona, nthawi zambiri kuyambira 100 mg, mwina ndi furosemida 40 mg. Dziyezeni pa sikelo yomweyo m'mawa: kutsika kopitirira theka la kilogalamu patsiku, ngati miyendo siyotupa, ndi kofulumira kwambiri ndipo impso zivutika. Mukatsegula m'mimba kapena kusanza, makamaka nyengo yotentha, imikani mapiritsi okodzetsawa mpaka mutaonana ndi achipatala.

Musamumane wodwala ndiwo zomanga thupi. Kale ankaletsa nyama ndi mazira, koma zinapezeka kuti munthu wa chiwindi chouma amafa msanga minofu ikatha. Amafunika zomanga thupi 1,2 mpaka 1,5 g pa kilogalamu patsiku, kuchokera ku nyemba, soya, mazira, nsomba, nkhuku. Adye pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndipo asagone ndi njala: kapu ya phala la soya kapena mbatata ndi mkaka asanagone imateteza minofu usiku.

Kusokonekera mutu amayamba kukuona ndi apabanja, osati wodwala. Amagona masana n'kuchezera usiku, amaiwala mawu, amakwiya pachabe, amalephera kuwerenga chenji. Muuzeni atambasule manja kutsogolo, zikhatho zitadzuka ngati akuimitsa galimoto. Zikamagwedezeka n'kumagwa, poizoni wa m'matumbo wafika ku ubongo. Si ufiti, si misala. Lactulose amathandiza, pa mlingo wopangitsa chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu patsiku, koma pafunikanso kufufuza chimene chayambitsa: kudzimbidwa, matenda olowa, magazi otuluka m'mimba, kapena mapiritsi ogonetsa.

Zinthu izi sizidikira kuti kuche: kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chonunkha moipa, kutentha thupi kapena kupweteka m'mimba mwa munthu wa madzi m'mimba, tulo tosadzutsika, mkodzo kuchepa kwambiri, chikasu chokula tsiku ndi tsiku. Pa kusanza magazi kotere, munthu mmodzi mwa 5 kapena 6 amamwalira m'masabata 6, ndipo amene amapulumuka ndi amene afika msanga. Banja ligwirizane lero za njinga yamoto kapena galimoto yodzaitana usiku, ndi achibale awiri okonzeka kupereka magazi. Wodwala agonekedwe chammbali panjira, osamupatsa chakudya kapena chakumwa.

Kuika chiwindi china sikuchitika m'chigawo chathu. Kufupi kumene amachita ndi ku South Africa, ku Wits Donald Gordon Medical Centre ku Johannesburg ndi ku Groote Schuur ku Cape Town, ndipo ena amapita ku India. Pa matenda atatuwa zotsatira zake ndi zabwino, pafupifupi 8 mwa 10 amakhala ali moyo patapita zaka 5, koma mtengo wake ndi waukulu, mankhwala a pambuyo pake ndi a moyo wonse, ndipo matenda amatha kubwereranso m'chiwindi chatsopanocho. Banja limene lili ndi njira yoyesera liyambe kufunsa pamene madzi a m'mimba kapena chikasu chosachoka chaoneka koyamba, wodwala akuyendabe yekha. Limene lilibe njirayo lifunse za chisamaliro chochepetsa ululu: kupopa madzi m'mimba kuti munthu apume bwino, mankhwala a kuyabwa ndi a ululu, ndi lactulose wosasowa pakhomo. Mankhwala a matenda enieniwo apitirire ngakhale pamenepo, pokhapokha adokotala atanena kuti aimitsidwe.